Ndime Imene Achimwene Analola

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1946, oyamba m'mimba mwa mayi athu. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo wopondana nawo. Ndifupikitsa, dzuwa lakwera ndipo azimayi akhala pansi nthawi yaitali.

Sukulu anayamba mu 1954. Mu 1968 analowa ntchito kukhoti ngati womasulira, kenaka anakwezedwa kukhala woweruza milandu. Mu 1972 anakwatira alamu angawa, amene anali namwino. Pakhomo ankatitopetsa. Ana akalimbirana wailesi, iwo ankayamba amva mbali zonse, chakudya chikuzizira patebulo. N'chifukwa chake tinkawatcha a Mbaliziwiri.

Dziko litaganiza zolemba malamulo ake aakulu atsopano, malemu anasankhidwa kulowa m'komiti yolemba. Ankakumana m'chipinda chapamwamba cha hotela, chotentha, mawindo osatseguka, ndipo ankabwerako mapazi atatupa. Anamenyera ndime yoti munthu akamangidwa azionekera kukhoti msanga. Inalowa. Koma chakumapeto, onse atatopa, kunabwera ndime ina, yoti pakakhala chipwirikiti mtsogoleri wa dziko angathe kulamula kuti munthu asungidwe osazengedwa mlandu. Wonena kuti chipwirikiti chayamba, ndiponso kuti chatha, anali mtsogoleri yemweyo. Malemu anakana poyamba, kenaka analola. Chifukwa chake anandiuza okha. Amene ankayembekezeka kulowa m'boma anali anzawo, ena anagonapo m'ndende, ndiye ankati anthu otere sangachitire wina zimene zinawachitikira. Anzawowo anakalamba, ena anamwalira, ena anasintha mtima. Ndime ija inatsala.

Mu 2009 anapuma pantchito, n'kuyamba kusamala zidzukulu ndi kukangana ndi nyuzipepala.

Chaka chatha mwana wawo womaliza, mphunzitsi, anayankhula pamsonkhano wa aphunzitsi. Mawa lake apolisi anamutenga pokwerera basi, chikwama cha makope a ana chili m'manja. Anamusunga pogwiritsa ntchito ndime imeneyo. Malemu ankavala jekete m'mawa uliwonse kukakhala pabenchi lapakhonde la khoti, pamodzi ndi azimayi osenza zakudya za amuna awo. Oweruza ena anali oti anawaphunzitsa ntchito iwowa. Ankawalandira mwaulemu, kuwapatsa mpando, kenaka kuwawerengera ndime ija ndi kunena kuti manja awo ndi omangika. Achimwene ankangogwedeza mutu. Ankaidziwa pamtima.

Anali ndi matenda a shuga kuyambira kale, koma apa anasiya kudya bwino. Mu Juni chaka chino anagwa pabenchi lomwelo, mbali imodzi n'kufa. Anatisiya pa 3 Ogasiti m'mawa, kuchipatala. Tinapempha aboma kuti mwanayo abwere, ngakhale ndi unyolo, adzaone nkhope ya bambo ake. Anatiyankha kuti akuganizira. Bokosi titseka posachedwa, akuganizirabe.

Asiya mkazi, ana anayi, atatu ali pano, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ine. Tikuthokoza anamwino a wodi ya abambo, aneba athu oyendetsa galimoto amene sanatope kutinyamula, a kwaya, ndi amene akumba manda. Mzimu wa achimwene uuse mumtendere, ngati ungathe.

Inu akuluakulu a m'mipando yakutsogolo, nkhata zamaluwa taziona, zikomo. Sindikuyembekezera kuti mukachoka pano mukachita kanthu, ndakula ine. Koma ndikupemphani ndithu: mwanayo mutulutseni, kapena mupite naye kukhoti, mayi ake asafe asanamuone. Ndipo inu achinyamata, tsiku lidzafika loti mudzalembenso malamulowa. Musadzalembe mukuyang'ana nkhope ya mnzanu. Mudzalembe ngati amene adzawagwiritse ntchito ndi munthu wodana ndi mwana wanu. Mudzachite bwino kuposa achimwene anga.