Chisa M'thumba la Jekete

Nkhalango ina yotetezedwa ataikulitsa, malire atsopano anameza ngodya ya munda wa bambo wina, pamodzi ndi chidole choopsezera mbalame chimene akazi awo anachiveka jekete lawo limodzi lomwelo. Analikumbukira ukwati wa mwana wawo womaliza utayandikira, ndipo pamalirepo anapeza mlonda wa nkhalango, mkamwini wawo, munthu wosadziwa kukhota pa lamulo.

"Mwachita bwino kubwera, bambo," anatero mkamwini akuvula chipewa. "Chidole chanuchi chichoke. Muno kuopseza mbalame n'koletsedwa."

Chimene anadzera n'chomwecho, koma apongoziwa sauzidwa zochita ndi mkamwini.

"Chaopseza ndani, chidole chofatsa ngati ichi? Taonani, mpaka timba wamanga chisa m'thumba."

Mkamwini anasuzumira m'thumbamo, n'kubwerera m'mbuyo monyang'ama.

"Muli mazira. Ndiye sichichoka."

"Aa, si mwati chichoke?"

"Nthawi imeneyo chinali choopsezera, bambo. Tsopano ndi chisa."

Apongozi anasintha nyimbo. Anati chidolecho n'choopsa zedi, akhwangwala amachilambalala, ngakhale iwo eni ake chinawathamangitsapo tsiku lina kuli nkhungu. Mkamwini anavomera zonse mwaulemu, n'kungoti zikuoneka kuti timba yekha mbiriyo sanaimve.

"Ndiye ku ukwati ndikaime ndi malaya okha pamaso pa akuchimuna?"

"Kulivala mukhoza, bambo. Lamulo silikuletsa."

"Eya, mwayamba kuganiza tsopano."

"Bola muimirire pomwepa, manja chotambasula, mpaka mazira aswe."

"Ukwati uli Loweruka, inu!"

"Timba sanauzidwe, bambo."

Apongozi anakhala pachitsa. Zinawawawa ndithu, mwana womaliza kukamuperekeza ngati munthu wochokera kudimba. Mkamwini chisoni chinamugwira. Anaganizaganiza, sanapeze lamulo loletsa kubwereketsa chovala, ndipo anavula jekete lake la kuntchito, lobiriwira, la mabatani onyezimira, n'kuwaveka.

Linawakhala ngati anachita kuwayeza. Anamanga mabatani onse mpaka m'khosi, n'kuyendayenda manja ali kumbuyo. Nthawi yomweyo timba anatulukira, n'kulowa m'thumba muja kukafungatira mazira ake. Mkamwini anasendera kuti aonetsetse.

"Imani pomwepo," anatero apongozi atakweza dzanja. "Inu a malaya okhanu, mwalowa muno ndi chilolezo cha ndani? Tulukani msanga, mukundiopsezera mbalame."