Foni ya kalabu yophwanyidwa kumunda wa mpunga

Ine, Marjory Nyasulu, wa zaka 54, mlimi wa mpunga wa m'mudzi wa Chizunga, dera la Kanyenda, boma la Nkhotakota, ndikunena izi:

Mu 2022 anthu a bungwe lina anabwera ku kalabu yathu ya alimi a mpunga. Anayenda m'malire a munda uliwonse ndi foni n'kumalemba eni ake. Anati kaundulayo ndi wa bulokucheni, kutanthauza kuti sakhala mu ofesi imodzi koma m'mafoni ambiri nthawi imodzi, ndipo munthu mmodzi sangafufute zolembedwamo. Anatinso zidzukulu zathu sizidzalimbirananso malire. Munda wathu wa maekala awiri unalembedwa m'maina awiri, langa ndi la amuna anga, a Tedson Mwamlima. Mng'ono wawo, a Raston, analipo tsikulo. Ndi iwo amene analoza chulu chimene munda umathera.

A Tedson anamwalira mu Malichi chaka chino. Mu Meyi a Raston anandiuza kuti mundawo ndi wa kwa Mwamlima, ndisadzapondemonso ndikakolola.

Lachiwiri pa 10 Disembala 2024, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinapita kumundako ndi a Sharifu Amini, mlembi wa kalabu, amene amasunga foni ya gulu, kuti tikaonetse a Raston kaundulayo. Mundawo uli makilomita awiri kuchokera kunyumba kwanga. Tinapeza a Raston akukonza nazale. Atationa anati, "Alamu, mwabwera ndi mboni ya m'thumba?" A Sharifu anatsegula foni n'kunena kuti, "Tangoonani kaye, a Mwamlima."

A Raston analanda foniyo, kuiponya pansi, n'kuimenya kawiri ndi kumbuyo kwa khasu. A Sharifu anawerama kuti aitole. Khasu litatsika kachitatu linawatema zala ziwiri za dzanja lamanja. Ine ndinali nditaima mapazi asanu kuchokera pamenepo. Sindikudziwa ngati a Raston anaona dzanjalo. Anatola zidutswa za foni n'kuziponya m'ngalande, amvekere, "Kaundula wanu uja wamira."

Ndinamanga dzanja la a Sharifu ndi mpango wanga wa kumutu. Tinayenda mpaka kumsewu wafumbi, komwe tinapeza kabaza wa njinga yamoto yemwe anatifikitsa kuchipatala cha m'ma 11 koloko. Chala chimodzi anachisoka. Chinacho anati sichidzapindikanso.

Lachinayi pa 12 Disembala kalabu inakumana pakhonde la nkhokwe yathu, ndipo a Raston anaitanidwa. Mayi Asha, apampando, anatsegula foni yawo. Munda unaoneka, maina athu awiri, chulu, ndi tsiku lomwe tinalembetsa. Ena anatsegulanso awo. Mafoni onse khumi ndi imodzi anaonetsa zofanana. A Raston anayang'ana atatu, yachinayi anakana kuilandira. Anati, "Ndaona. Ndiye mafoniwo abwere adzalime." Atatero ananyamuka. M'mawa mwake anafesa nazale m'mundamo.

Ku polisi kuno ndinabwera koyamba pa 13 Disembala, ndipo ndinauzidwa kuti ndibwere ndi kalata ya kuchipatala. Ndinabwera nayo pa 17. Tsikulo ndinauzidwa kuti pafunikanso kalata ya bungwe lija yotsimikiza za kaundulayo. Bungwelo linachoka chaka chatha ntchito yawo itatha. Nambala yomwe anatisiyira ndaimba kasanu ndi kamodzi, sikupezeka. A Sharifu akuti zolembedwazo zidzakhalapobe ngakhale ife tonse titapita, ndipo tsiku lina makhoti adzazizolowera. Sananene kuti ndi liti.

Lero pa 23 Disembala ndi ulendo wanga wachitatu. Ulendo uliwonse ndimayenda pansi makilomita asanu ndi limodzi kufika pamsewu waukulu wa M5, kenako minibasi.

Mwandifunsa ngati ndikufuna kuti a Raston amangidwe. Za zala, ayankhe a Sharifu eni ake. A Raston akazi awo anawachokera, ndipo ana awo awiri amadya kwanga kuyambira chaka chatha. Dzulonso anadya kwanga. Ine ndikungofuna munthu apite nane kumundako mwezi uno usanathe, chifukwa mpunga timaokera mu Januwale. Mbewu ndili nayo thumba limodzi, lili m'chipinda. Ndinalimasula Loweruka ndipo ndinapeza anankafumbwe ayambamo kale.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi basi. Andiwerengera ndipo ndi momwe ndanenera.

Wopereka umboni: M. Nyasulu ............................
Tsiku: 23 Disembala 2024