Amayi Emelia Miti, Oyala Mabedi ku Loji ya Kumtsinje

Malemu amene agona patsogolo pathupa, Amayi Emelia Miti, anabadwa pa 14 Malichi 1968 kuno ku Kafue, m'nyumba za anthu a njanji. Bambo awo, a Davison Nkhuwa, anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo malemu anali mwana wachiwiri m'banjamo. Amene ndikuwerenga ndine Ferdinand Nkhuwa, mlongo wawo. Banja landituma, ndipo landiuza kuti ndisadumphe kanthu, ngakhale zowawa kumva.

Sukulu anayamba mu 1975. Anali ndi mutu, koma analekezera Fomu 2 chifukwa mayi athu anadwala nthawi yaitali ndipo panalibe wina wogwira pakhomo. Kuyambira ali mwana, malemu ankavutika ndi mphumu, makamaka nyengo yozizira ndi nyengo ya fumbi.

Mu Ogasiti 1988 anakwatiwa ndi Bambo Lighton Miti, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya feteleza. Mulungu anawapatsa ana atatu. Bambo Miti anatisiya mu 2003, ana onse akadali pasukulu. Ife achibale tinati abwerere kumudzi ku Petauke, koma malemu anakana. Anati ana awo anabadwira ku Kafue ndipo adzaphunzirira ku Kafue.

Mu 2004 analembedwa ntchito yokonza zipinda za alendo pa loji ina ya m'mbali mwa mtsinje, njira yopita ku Chanyanya. Dzina la lojiyo sitilitchula pano. Ambiri a inu mukuidziwa. Ntchito yawo inali kuyala mabedi, kuchapa ndi kusita mashiti a pabedi, kutsuka mabafa, kusoka maneti a udzudzu ong'ambika, ndi kusesa zitosi za mileme zogwa kuchokera kudenga la udzu. Alendo a ku Lusaka akabwera kudzapuma kapena kudzachita ukwati, ankapeza chipinda chikununkhira sopo, osadziwa kuti m'mawa womwewo munthu anagwada pansi ndi burashi. Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano malemu sankadyera kunyumba, chifukwa ndi masiku amene loji inkadzaza. Ndi manja amenewo anaphunzitsa ana onse atatu. Mu 2010 anakwezedwa kukhala mkulu wa amayi onse okonza zipinda.

Chaka chotsatira, malemu anakumana ndi mayi wina kutchalitchi, dzina lake Yande, wochokera ku Kabwe. Mwamuna anali atamuthawa, kumusiya ndi mwana wakhanda, ndipo ankagona kuseri kwa msika wa nsomba. Malemu anamutengera kunyumba. Anamupatsa chipinda cha mwana wawo wamkazi, anamupemphera ntchito kwa manijala, ndipo anamuphunzitsa zonse: kapindidwe ka shiti pakona ya matiresi, kachotsedwe ka dzimbiri m'bafa, kayankhidwe ka mlendo wolusa. Yande ankawaitana kuti Amai. Ifenso tinkamuwerenga ngati mwana wa m'banja. Pa ukwati wa William, mwana woyamba wa malemu, Yande anavala chitenje cha banja.

Mu Meyi 2023, eni loji anaganiza zokonzanso zipinda zonse: kuchotsa madenga a udzu, kuika siling'i ndi matailosi, kusintha mabafa. Manijala anasonkhanitsa antchito pansi pa mkuyu wa pabwalo. Anati loji itsekedwa miyezi ingapo, koma aliyense adzabwerera pamalo pake. Amayi ena sanakhulupirire, ndipo anafuna kukafuna ntchito kwina. Anali malemu amene anayenda khomo ndi khomo kuwalimbitsa mtima. Ankati, "Yembekezani chabe, bana banga. Banilonjeza pamaso. Ine nabasebenzela zaka zambili, sibanganinamize." Amayiwo anadikira chifukwa cha mawu a Ba Emelia.

Manijala anapemphanso malemu kuti atsale azikonza m'mbuyo mwa amisiri, poti ndiwo ankadziwa katundu yense wa m'zipinda. Anavomera. Miyezi yonse yozizira ndi yotentha ija anaithera m'fumbi: fumbi la udzu wakale wodzaza zitosi, la makapeti ovunda, la matailosi odulidwa ndi makina, la penti yopalidwa pakhoma. Sanapatsidwe chotseka kumphuno. Ankangomanga duku kukamwa. Akafika kunyumba nsidze zinali mbuu, ndipo ankakhala kaye pakhonde kudikira kuti mpweya ubwerere asanalonjere munthu. Mwana wawo Tinenenji anawadandaulira kuti aleke. Iwo anayankha kuti, "Vipinda vija ni vanga, nizasiyila ndani? Tikasegula nizapumula."

Nthawi yonseyi Yande ankati akupitapita ku Kabwe kukadwazika mayi ake. Akabwera ankafikira kwa malemu, kudya nawo nshima mbale imodzi, kuwafunsa mmene ntchito ikuyendera ndi tsiku lotsegulira. Anawaona akutsokomola mpaka kugwira khoma. Mankhwala awo a mphumu ankadziwa pamene amakhala, poti kangapo konse ndiye ankawatengera.

Loji inatsegulidwa pa 16 Disembala 2023. Malemu anachapa yunifomu yawo, kuisita, ndi kutsogolera anzawo m'mawa kupita kuntchito, ngakhale palibe amene anawatumizira uthenga. Ankaganiza kuti mabwana angoiwala chifukwa chotanganidwa. Pageti, mlonda amene anagwira naye ntchito zaka zambiri anakanika kuwayang'ana kumaso. Anati, "Ba Emelia, baniuza ati musangene."

Ali chiimire pamenepo, anaona atsikana achilendo ovala yunifomu yatsopano akutuluka m'zipinda ndi matawulo. Patsogolo pawo panali Yande, makiyi ali m'manja. Apa ndi pamene zinadziwika kuti ku Kabwe kunalibe wodwala. Yande anali atapangana ndi manijala kalekale, loji isanatsekedwe n'komwe, kuti atsegule kampani yake yokonza zipinda ndi kubweretsa antchito ake, akale onse achotsedwe. Miyezi ija ankaphunzitsa atsikanawo ku Lusaka, ndi nzeru zomwe anazitenga kwa malemu.

Yande anabwera pageti, koma sanatsegule. Analankhulira mkati, amayi onse akumva: "Amai, vinthu vachinja manje. Na chifuwa chanu ichi, balendo sibangakondwe."

Malemu anamufunsa funso limodzi lokha: "Chifuwa ichi ninachitenga kuti, Yande?" Kenako malemu anatembenuka n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, yunifomu ili m'thupi.

Abale anga, ntchito imatha, ndipo malemu akanapirira zimenezo. Chimene chinawathyola ndi china. Ena mwa amayi aja anayamba kunena kuti Ba Emelia ankadziwa zonse, kuti anapangana ndi mwana wawo Yande kuti awagoneke tulo. Anthu amene ankadya nawo anayamba kuwalambalala pamsika. Malemu analeka kuimba kwaya. Anayesa kugulitsa tomato wa ku Shimabala m'mbali mwa msewu, koma fumbi la magalimoto linawabweza. Lero, pamaso pa bokosi lawo, banja likunena poyera: Amayi Emelia Miti sanadziwe kanthu. Ananamizidwa pamodzi ndi inu, ndipo iwo ananamizidwa ndi munthu wodya m'mbale yawo.

Mu Juni 2024 anagonekedwa koyamba kuchipatala cha kuno, kenako anatumizidwa ku Lusaka. Madokotala anati mapapo awonongeka kwambiri. Ife si akhoti, sitigamula mlandu pamaliro. Tikungonena zimene tinaona ndi maso. Kuyambira pamenepo anali olowa ndi kutuluka m'chipatala. Kuchokera kwa mabwana a loji sikunabwere munthu ngakhale mmodzi kudzawazonda. Yande amadutsa msewu wa kunyumba kwawo popita kuntchito, koma sanakhotepo.

Sabata yatha, atazindikira kuti mphamvu zatha, anaitana Tinenenji n'kumusiyira mawu awa: "Yande akabwela pamalilo yanga, musamupilikise. Mumupase pokhala, mumupase na chakudya. Koma thupi yanga asaigwile." Malemu anatisiya Lachitatu pa 9 Julayi 2025, ali ndi zaka 57. Mawu awo tawasunga onse awiri. Munthuyo ali pakati pathu pano, wapatsidwa pokhala, ndipo tikupempha kuti pasapezeke womunyoza kapena womuloza chala.

Malemu asiya ana atatu, William, Tinenenji ndi Joy, adzukulu asanu, mng'ono wawo Lilly, ndi ine mlongo wawo.

Tikuthokoza abusa ndi amayi a chigwirizano amene sanatope kubwera ndi mapemphero. Tikuthokoza anamwino amene anawasamala, ndi anansi amene anabweretsa nkhuni, ufa ndi ndiwo. Tikuthokoza mlonda wa pageti uja, amene anabwera yekha kuchipatala kudzapepesa pa mlandu umene sunali wake. Mwapadera tikuthokoza amayi amene anachotsedwa ntchito pamodzi ndi malemu. Atamva za imfayi anabwera onse, ngakhale aja anakhumudwa nawo, ndipo ndiwo asambitsa thupi ndi kuyala nsalu m'bokosimu.

M'mawa uno eni loji atumiza nkhata yaikulu ya maluwa. Banja lakambirana, ndipo lapempha dalaivala amene waibweretsa kuti aibweze kumene yachokera. Pamanda paikidwa maluwa a anthu amene anabwera malemu akadali moyo.

Achemwali anga, Emelia, mwayalira anthu ambiri pogona. Lero anzanu akuyalirani inu. Kumene mukupitako kulibe fumbi. Gonani, mzimu wanu uuse mumtendere.