Mphunzitsi wa M'foni

Che Atumani, msodzi wa ku Makanjira, atamva kumzikiti kuti kusukulu kwa mwana wawo Naima ana akuonera kanema m'kalasi, sanadzerenso kunyumba. Analunjika kusukuluko ndipo anapeza ana ataweruka, koma Madamu Mayankho, mphunzitsi wa Sitandade 8 amene amayankha chokhacho chimene wafunsidwa, anali akufufuta pabolodi.

"Odi! Kodi holo ya kanema ija ndi ino?"

"Ayi bambo, ino ndi Sitandade 8. Holo ya kanema ili kumsika, kuseri kwa chigayo."

"Ndikudziwa kumene ili!" Che Atumani anamenya desiki. "Ndikunena zimene mukuonetsa ana muno. Ine ndinatumiza mwana kudzaphunzira, inu mukumuonetsa nkhonya ndi anthu opsompsonana?"

"Zimenezo sindinapeze. Ndinapeza za mphepo."

"Za chiyani?"

"Mphepo za panyanja. Mwera, mpoto, vuma. Zimabwera pamayeso."

Che Atumani anaseka mpaka kutsokomola. Mphepo pakanema! Kungotsegula zenera, mwera ulowa wokha n'kuuluzira makope onse kubwalo, koma anthu ophunzira afunika kuufufuza pa intaneti.

"Ndiye mphepoyo imaoneka mufonimo?"

"Siioneka. Amaoneka ndi bambo amene akuifotokoza."

"Ehee, tafikapo. Bambo wake uti? Ali ndi satifiketi?"

"Alibe."

"Anaphunzitsapo sukulu iti?"

"Sanaphunzitsepo."

"Mwaona! Mbuli yopanda pepala ikuphunzitsa ana athu, inu mutapinda manja pampando. Anthu a pa intaneti ndimawadziwa ine, madamu. Malova okhaokha. Munthu wakhuta chipisi m'tauni, nyanja amangoiona pakalendala, koma pakamwa mbwembwembwe."

"Ameneyu amalankhuladi kwambiri," anavomera Madamu Mayankho. "Ndimachita kudumphitsa pena."

"Ndanena ine! Wabodza ameneyo. Maonekedwe ake ndi otani?"

Madamu anawayang'ana Che Atumani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, modekha.

"Wamfupi. Wandevu za imvi. Dzino limodzi lakutsogolo palibe."

"Chidakwa! Dzinolo analisiya kumowa."

"Sananene kumene analisiya."

"Sanganene! Tamverani, madamu. Naima ndikumuchotsa pano. Bola azikayanika usipa ndi mayi ake kusiyana n'kumamvera zitsiru za m'foni."

Apa madamu anaika pansi chofufutira chija.

"Bambo a Naima, mwana wanu ndi amene amakhoza kuposa onse muno, ndipo mayeso ayandikira. Kanemayo anandipezera ndi iyeyo, pafoni ya azakhali ake."

"Astaghfirullah! Mwamuwononga kale! Dzulo amati andiuze za kusukulu, ine ndinamukalipira kuti ndatopa. Kani ndi zimenezi? Muitaneni munthuyo! Abwere pano, ndimufunse mwera umachokera kuti."

"Wabwera kale."

"Pasukulu pano?"

"Eya."

Che Atumani anapinda mikono ya mkanjo wawo, nasuzumira kuseri kwa chitseko, kenako pazenera.

"Wabisala kuti?"

"Sanabisale. Wangosuzumira pazenera."

"Aa! Akundizemba eti? Mantha! Tandionetsani nkhope yake mufonimo, ndikakumana naye panjira ndimudziwe."

Madamu anayatsa foni n'kuiimika pabuku. Munatuluka gombe, mabwato, ukonde woyanikidwa pamchenga. Kenako munthu wamfupi wandevu za imvi, atakhala pamphumi pa bwato, akuloza kumwera ndi nkhafi.

"Mwera ukamabwera," anatero munthuyo, mphepo ikupita pampata wa dzino lija, "nyanja imayamba yakhala chete ngati mlendo."

Che Atumani anafunafuna benchi ndi dzanja, nakhala pansi. Anakumbukira alendo aja a bungwe loona za usodzi amene anafika pagombe chaka chatha ndi kamera. Che Atumani ankayesa kuti alendowo akungowajambula chithunzi chabe, ndipo ankalankhula pongodikira kuti awauze kuti atha.

"Ndizimitse?" anafunsa madamu. "Mwati ndi wabodza."

"Ndanena ine zimenezo?"

"Mwatinso chidakwa, lova, mbuli yopanda..."

"Shh! Mukusokosa, munthu akulankhula. Kwezani mawu."

Madamu anakweza. Che Atumani anasendera pafupi, akugwedeza mutu pa chiganizo chilichonse.

"Mashallah. Mwamva mmene wafotokozera vuma? Dikirani, mwadumphiranji pamenepo?"

"Pamenepo amangodzitama."

"Bwezerani! Ana amve zonse."

Kanema atatha, Che Atumani anaimirira, nakonza kofia yawo, nayang'ana mabenchi onse mpaka kukhoma lakumbuyo. Nkhope inakwinyikanso ngati poyamba.

"Ndiye Naima abwera Lolemba?" anafunsa madamu.

"Abwera, ndipo ndibwera naye, ndikaonane ndi ahedi. Zamanyazi izi, madamu! Mphunzitsi wamkulu ngati ameneyu mukumupanikiza m'kafoni kakang'ono chonchi? Ana akumbuyo amuona bwanji?"