Makatoni a Khrisimasi ndi Moni wa Pageti

Zaka zija tsitsi langali lisanayere, ambiri a inu musanabadwe, ndinapeza ntchito yogula katundu pa fakitale ina ya mabisiketi cha ku Easterhouse, mumzinda wathu uno wa kuno kunja. Sendezani mipando kuno, mapemphero atha koma mvulayi siikata msanga. Iwe Tadala, poti wayamba ntchito yomweyi sabata yatha, tchera khutu, ndipo usandiyankhe m'Chingerezi chako cha ku Maryhill chomeza mawucho.

Masiku ano mumangodina pakompyuta oda n'kupita, koma nthawi yathu oda inali pepala, ndipo pepalalo silinkatuluka pakhomo lisanasainidwe ndi bwana wanga a Moira, mayi wamfupi wamaso akuthwa, amene ankatha kukufunsa chifukwa chimene wagulira mapensulo khumi pamene asanu akanakwana. Malamulo awo anali awiri: gula kotchipa, ndipo chinthu chilichonse chikhale ndi makampani awiri otigulitsa, kuti imodzi ikagwa inayo itinyamule. Makatoni oikamo mabisiketi tinkagula kwa awiri, choncho tonse mitima inali m'malo.

Ine ndinali pa miyezi yoyesedwa, ndipo mapepala anga okhalira m'dziko muno ankadalira ntchitoyo. Ikanatha, kunali kulongedza masutikesi, ine, mayi akunyumba ali apowa, ndi khanda kumanja. Koma ndinali ndi nthenda imodzi yochoka nayo kwathu, nthenda ya moni. Sindinkatha kudutsa munthu ngati ndikudutsa mtengo. Lole ikangofika ndinkatsika kukalonjera dalaivala, kufunsa za kunyumba, za ana, za bondo lija linkavuta. A Moira anandiitana kawiri konse.

"A Mbewe," anatero, "timakulipirani kuti muzigula katundu, osati kucheza pageti."

Ndinavomera mwaulemu, koma mawa lake ndinali pageti pomwepo. Musaseke, ndi mmene tinaleredwera!

Ndiye tsiku lina m'mawa, Khrisimasi ikuyandikira, nyengo imene mabisiketi amayenda malonda koopsa, anafika Tam, dalaivala wa imodzi mwa makampani awiri aja a makatoni, bambo wathupi wokonda nthabwala. Tsikulo anatsika m'lole nkhope itagwa.

"Kwagwanji a Tam?" ndinafunsa.

"Mng'ono wanga ntchito ikumuthera," anayankha. "Fakitale imene amagwirako ikutsekedwa mwezi wamawa. Awanong'oneza dzulo."

"Fakitale iti?"

"Yopanga makatoni anuwa. Si komwe ndimakanyamula? Ngakhale lole ya kampani inayo timakumana nayo komweko pamzere."

Ana inu, mutu unandizungulira! Makampani awiri, mayina awiri, zikalata ziwiri, koma onse akutunga pachitsime chimodzi! Ndinakwera masitepe awiriawiri, n'kulowa mu ofesi ya a Moira osagogoda, mpweya uli m'mwamba.

"Kalata yake ili kuti?" anafunsa nditafotokoza.

"Palibe, mayi."

"Wakuuzani ndani?"

"Dalaivala."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, koma foni anaimba ndithu, ndipo makampani onse awiri anati zonse zili bwino, tisade nkhawa. Ine ndinali nditatulutsa kale dzina la kampani yachitatu, yakutali, yopanga yokha makatoni ake, koma yodulirapo.

"Mukufuna ndisaine oda yodula chifukwa cha nkhani zapageti?"

"Sainani, mayi. Ngati ndanama, mundichotse ntchito."

Mawuwo anatuluka okha. A Moira anasaina, kenako pambali pake analemba dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu, kuti aliyense adziwe mwini nkhani.

Masabata otsatirawo chakudya sichinkalowa. Mayi anuwa sindinawauze kanthu, ankangodabwa kuti lamba ndikumangira pabowo lina. Lole za makampani awiri aja zinkabwera monga mwa masiku onse, ndipo anzanga mu ofesi anayamba kundipatsa moni wachifundo uja timapatsa odwala. Koma Lolemba lina foni inalira, a Moira anayankha, n'kuika pansi, ndipo asanapume inaliranso. Kampani yoyamba ikupepesa, yachiwiri ikupepesa, makatoni kulibe! Mafakitale ena anayamba kuthamanga uku ndi uku mabisiketi ali mbwee opanda moika, pamene ife pabwalo pathu lole za kampani yachitatu zikulowa motsatana. Ndinavina, ana inu! Mu ofesi momwemo, tayi ili pakhosi, ndinadula chiuno mpaka a Moira, amene sindinawaonepo mano, anaseka misozi kutuluka. Tsiku lomwelo anandilembera kalata yonditsimikiza pantchito, ndipo pafomu ya otigulitsa anawonjezera funso latsopano: nanga inuyo mumagula kwa yani? Funso lomwelo, Tadala, ukalipeza pakompyuta yako mawa.

Lachisanu lake Tam anabwera ndi makatoni otsalira m'nyumba yosungira katundu, ulendo wake womaliza. Ndinathamanga kukamuthokoza, mano onse ali panja. Iye sanatsike, anangotsitsa galasi.

"Ndamva kuti zakuyenderani," anatero. "Ine ndinkaganiza kuti mukufunsa za mng'ono wanga."

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti tsiku lija ndinamusiya ali chiimire, mawu ali m'kamwa, osanena ngakhale pepani. Munthu ankandiuza chisoni cha m'banja mwake, ine n'kungomva makatoni. Ndinachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana, ndipo ndisanapepese n'komwe, lole inali itatuluka pageti.

Ndiye iwe Tadala, ndi nonsenu, muzifufuza kumene katundu wanu akuchokera, mpaka kuchiyambi kwenikweni, ndipo musanyoze mawu a munthu chifukwa alibe kalata. Koma wina akakuuzani mavuto ake, yambani mwakhala naye kaye pang'ono, masitepe sathawa. Ntchito ija ndinagwira mpaka kupuma, ana anga anakulira mumzinda uno, koma Tam sindinamuonenso, ndipo mng'ono wakeyo ngakhale dzina sindilidziwa.