Batani Lomwe Amuna Anga Anadina

Ine, telala wa zaka 34, wokhala kuseri kwa depoti ya mabasi, mkazi wa dalaivala amene mwawatsekera mkatimu, ndikunena izi kwa inu apolisi.

Amuna anga amayendetsa galimoto ya kampani yoperekera mankhwala m'masitolo. Galimotoyi ili ndi kamera pagalasi lakutsogolo ndi kachipangizo kena m'bampala. Munthu akadutsa kutsogolo imalira, ndipo dalaivala akachedwa imagwira yokha mabuleki. Mumsewu wa kumsika anthu amayenda ngati nyerere, choncho inkangoima paliponse, abwana n'kumawakalipira kuti akuchedwa. Amuna angawo anaipatsa dzina loti Wamantha. Anazolowera kuzimitsa makinawo podina batani la pafupi ndi chiwongolero akamalowa mumsewuwo. Ine ndinkaseka nawo.

Lachiwiri cha m'ma 7 koloko m'mawa ananditenga kuti akanditule kushopu. Ndinakhala kutsogolo. Titafika pamphambano yolowera mumsewu wa kumsika anadina batani lija, kanyali kachikasu n'kuyaka. Anati, "Wamantha, gona kaye, ife tili pachangu."

Mayi anga ankagulitsa nthochi tsidya lina la msewuwo. Atationa anadzuka ndi nthochi zakupsa m'manja kuti atipatsire pawindo, monga ankachitira masiku onse. Anatulukira kuseri kwa minibasi yoima, mamita ngati khumi kutsogolo kwathu. Amuna anga maso anali kwa wanjinga kumanja. Ndinakuwa kuti, "Amayi!" Galimoto sinalire. Buleki anaponda atawagunda kale.

Mayi anga anatsirizikira pamiyendo panga tisanafike kuchipatala. Nsapato yawo imodzi ndili nayo m'chikwamamu.

Dzulo apongozi anga anandigwira dzanja pakhomo panupa. Anati, "Mwananga, ukangonena kuti makina anakanika okha. Madzi akatayika saoleka. Kodi ana ako aja akule opanda bambo?" Amuna angawa ndimawakonda, ndipo mayi anga ankawatcha mwana wawo woyamba. Mtima ukundipweteka. Koma sindingaike mayi anga m'manda ndi bodza. Makina sanakanike. Anazimitsidwa ine ndikuona, ndipo ndinaseka.

Bulangete ili mukawapatse amuna anga, ndamva kuti m'chitokosimo mumazizira. Musawauze kuti lachokera kwa ine mpaka mutawawerengera umboniwu.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wopereka umboni: ____________________