Bambo Mervyn Zadow Anadikira Tirigu Amere

Malemu achimwene anga, bambo Mervyn Zadow, anabadwa pa 9 Ogasiti 1941 kuno ku Wudinna. Sukulu anayamba mu 1947, koma sanakhalitseko. Atasiya, aphunzitsi mtima unakhala pansi, iwonso chimodzimodzi.

Mu 1959 anayamba ntchito imene tonse tinawadziwa nayo, yoyenda m'mafamu ndi makina opeta mbewu ya tirigu ndi kuithira mankhwala oteteza ku matenda. Mankhwalawo ndi ofiira, choncho pa 14 Okutobala 1967, pamene ankakwatira mayi Glenys, abusa anayamba afunsa ngati mkwati wavulala m'manja. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, mayi Narelle, amene analandira munda kwa bambo awowo mu 2009.

Malemu sanali munthu wonyengerera. Mlimi akabwera ndi mbewu yofwapa, ankamuuza pamaso kuti mankhwala amateteza mbewu koma sainenepetsa. Ambiri a inu munachokapo mutakwiya, chaka chinacho n'kubwereranso.

Mu 2016 mvula inachuluka, chiwawu chinagwira masamba a tirigu asanakhwime. Tsamba likauma msanga, njere imasowa chakudya, ndipo a Narelle anakolola tirigu wopepuka ngati mankhusu. Ena anawalangiza kuti asabzale mbewu imeneyo. Malemu anati ipetedwe mopanda chisoni, yopepuka yonse ipite kwa nkhosa, yotsalayo ithiridwe mankhwala. Mwanayo anamvera, koma onse awiri ankadziwa kuti ikakana kumera, mundawo ugona chaka chathunthu chifukwa cha mawu a bambo.

Mu Febuluwale 2017 anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Madokotala anati Isitala sadzaiona. Iwo anayankha kuti sapita kulikonse mpaka aone tirigu uja atamera, ndipo amene munawadziwa mukudziwa kuti sankanena zoseka.

Mbewu inabzalidwa m'fumbi mu Meyi. Mvula osagwa. Juni anatha kumwamba kuli mbee, ululu ukukulirakulira. Ndinene chilungamo, abale anga: tinavutika mumtima. Tinkapempherera mvula tikudziwa kuti mvula yomweyo ndi imene idzatichotsere munthu. Mayi Glenys anafika powapempha kuti angopumula, koma malemu anawauza kuti asawathamangitse ngati mlendo.

Mvula inagwa kumayambiriro kwa Julayi. Lachitatu lapitali tinawanyamula pa galimoto mpaka kumunda. Mizere yonse inali biriwiri, popanda pojomba. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anadzudzula mkamwini wawo, a Craig, kuti mzere wa kumpanda wakhota. Sindinaonepo munthu akukondwera ndi chidzudzulo ngati a Craig tsiku limenelo. Kunyumba malemu anadya bwino, anagona opanda kubuula, ndipo Lachisanu pa 21 Julayi 2017 anatisiya mwakachetechete.

Tikulira, inde, koma mitima yathu yapepuka. Ululu uja watha, ndipo sanapite ndi nkhawa yoti anasocheretsa mwana wawo.

Asiya mayi Glenys, mayi Narelle ndi a Craig, zidzukulu ziwiri, Tahlia ndi Brodie, komanso ine mng'ono wawo Keith. Tikuthokoza anamwino amene anapirira lilime lawo, abusa ndi amayi a mpingo wa Lutheran, ndi anansi amene munabwera ndi mathirakitala anu kudzatibzalira.

Achimwene, mwaona ndi maso anu, tirigu wamera. Palibenso choti mudikire. Usani mumtendere.